Ufulu wolankhula ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amamveka kawirikawiri kwa atolankhani amene alandira kalata ya loya, komanso kwa anthu amene dzina lawo lili m'kamwam'kamwa chifukwa cha nkhani yabodza. Malamulo a nkhaniyi amasiyana dziko ndi dziko, koma vuto limene makhoti amalimbana nalo ndi limodzi: polankhula za anthu ena, kulakwitsa kumachitika ndithu, ndipo lamulo liyenera kusankha amene asenze mtolo wa kulakwitsako, wolankhula kapena wonenedwa.

Kodi munthu amakhala kuti waipitsa mbiri ya mnzake akatani?

Si mawu onse opweteka amene ali mlandu. M'mayiko ambiri, makamaka amene malamulo awo anachokera ku England, wodandaula amayenera kusonyeza kuti mawuwo amanena za iye, kuti anafika kwa munthu wina wosakhala iye mwini, ndiponso kuti ndi mawu oti munthu woganiza bwino atawamva angayambe kumuona wonenedwayo ngati wonyozeka kapena wosadalirika. Mfundo yachiwiriyo ambiri amaiiwala. Mukalembera munthu kalata yomutcha wakuba, iye n'kuiwerenga yekha, mwamutukwana ndithu, koma mbiri yake simunaikhudze, pakuti mbiri ya munthu imakhala m'mitu ya anthu ena. Kalata yomweyo mukaitumizanso kwa abwana ake a kuntchito, nkhani yasintha.

Ku England ndi Wales, lamulo la mu 2013 linawonjezera mpanda wina: wodandaula asonyeze kuti mawuwo awononga, kapena angawononge, mbiri yake kwambiri, ndipo ngati wodandaulayo ndi kampani yochita malonda, isonyeze kuti yataya kapena ingataye ndalama zambiri. Cholinga chinali choti makhoti asamadzaze ndi milandu ya anthu amene angokhumudwa chabe.

Nanga ngati sindinatchule mlandu uliwonse, ndangofunsa funso basi?

Khoti limayang'ana zimene wowerenga wamba anamva, osati zimene wolemba akuti ankatanthauza. Mu Novembala 2012, wailesi ya kanema ya BBC inaulutsa nkhani yoti wandale wina wamkulu wa chipani cha Conservative ku Britain anagwirirapo ana, koma sinamutchule dzina. Sally Bercow, mkazi wa sipikala wa Nyumba ya Malamulo panthawiyo, analemba pa Twitter funso lalifupi lofunsa chifukwa chimene dzina la Lord McAlpine, wandale wa chipani chomwecho, linali kutchulidwatchulidwa, n'kuwonjezera mawu awiri osonyeza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. McAlpine analibe mlandu uliwonse. Mu 2013 khoti linagamula kuti owerenga amene ankatsatira nkhaniyo anamva funsolo ngati kuloza chala, ndipo Bercow anapepesa n'kulipira. Kulankhula mokuluwika sikupulumutsa munthu ngati aliyense wamva chimene chikunenedwa.

Ufulu wolankhula uli m'malamulo akuluakulu a mayiko ambiri. Zikutheka bwanji kuti munthu asumiridwe chifukwa cha mawu?

Chifukwa mapangano omwewo amene amateteza kulankhula amatetezanso mbiri. Pangano la United Nations la mu 1966 lokhudza ufulu wa anthu pa zandale ndi zachikhalidwe cha nzika limanena m'gawo 19 kuti aliyense ali ndi ufulu wofotokoza maganizo ake, koma gawo lomwelo limalola kuti ufuluwo uchepetsedwe pofuna kulemekeza ufulu ndi mbiri ya anthu ena, ndipo gawo 17 limaletsa kuwononga ulemu ndi mbiri ya munthu mosatsata lamulo. Malire otero amaloledwa pokhapokha ngati alembedwa momveka m'lamulo, ali ndi cholinga chovomerezeka, ndipo sapitirira muyeso wofunika kuti cholingacho chikwaniritsidwe. Milandu yambiri yotchuka imathera pa mfundo yachitatuyi, chifukwa boma lililonse likhoza kulemba lamulo n'kunena kuti likuteteza mbiri ya anthu, koma kusonyeza kuti panalibe njira ina yofatsa yochitira zimenezo n'kovuta.

Kodi kunena zoona sikokwanira kuti munthu apulumuke?

Masiku ano, m'mayiko ambiri, choonadi ndi chitetezo champhamvu, ngakhale kuti ena, monga South Africa, amafunanso kuti kufalitsa choonadicho kukhale kopindulitsa anthu. Kale sizinali choncho. M'malamulo akale a ku England okhudza kunyoza olamulira, kunena zoona sikunkathandiza, poti ankati nkhani yoona ndi imene imautsa mkwiyo wa anthu koposa yabodza.

Vuto lenileni ndi lakuti kudziwa zoona ndi kutsimikizira khoti kuti ndi zoona ndi ntchito ziwiri zosiyana. M'malamulo a ku England, khoti limayamba ndi maganizo akuti mawu oipitsa mbiri ndi abodza, ndipo wosumiridwa ndi amene ayenera kubweretsa umboni. Mtolankhani amene anauzidwa nkhani ndi munthu amene anamulonjeza kuti sadzamuulula amapezeka ali ndi choonadi m'manja koma alibe mboni yoimika m'khoti. Mu 1987, wandale Jeffrey Archer anapambana mlandu wotsutsana ndi nyuzipepala ya Daily Star, imene inalemba kuti anagona ndi mkazi woyendayenda, ndipo anapatsidwa mapaundi 500,000. Patapita zaka 14, mu 2001, anagamulidwa kukakhala kundende zaka 4 zitadziwika kuti anakonza umboni wabodza pa mlandu uja. Katswiri wa mpikisano wa njinga Lance Armstrong nayenso anasumira Sunday Times chifukwa cha nkhani ya mu 2004 yokayikira kuti amagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, nyuzipepalayo n'kulipira mu 2006, koma mu 2013 iye anavomera yekha pa kanema kuti ankawagwiritsadi ntchito. Pa zaka zonse za pakatipo, atolankhani ena amene ankadziwa kanthu anaona zimene zinagwera anzawo ndipo ambiri anasankha kukhala chete.

Ku United States, pa nkhani zokhudza anthu ambiri, mtolowu unatembenuzidwa: wodandaula ndi amene amasonyeza kuti zimene zinanenedwa ndi zabodza.

Kodi maganizo a munthu angakhale mlandu?

Kusiyanitsa mfundo yoti itha kutsimikizidwa ndi maganizo a munthu ndi maziko a nkhani yonseyi. Mukanena kuti nduna inalandira ndalama kwa kampani inayake, mwanena chinthu chimene chinachitika kapena sichinachitike, ndipo umboni ungathe kupezeka. Mukanena kuti nduna yachita zinthu mopanda manyazi, mwapereka chiweruzo chanu, ndipo palibe chikalata chimene chingatsimikize kapena kutsutsa zimenezo.

Mu 1975, mtolankhani wa ku Austria, Peter Lingens, analemba m'magazini ya Profil kuti mtsogoleri wa boma, Bruno Kreisky, anachita zosayenera ndi zopanda ulemu poikira kumbuyo wandale amene anatumikirapo m'gulu la asilikali a SS nthawi ya ulamuliro wa Nazi. Makhoti a ku Austria anamulipiritsa chindapusa ponena kuti walephera kutsimikizira mawu akewo. Mu 1986, Khoti la ku Ulaya Loona za Ufulu wa Anthu, limene lili ku Strasbourg, linagamula kuti kulamula munthu kutsimikizira maganizo ake ndi kumupempha chinthu chosatheka, ndipo kumaphwanya ufulu wake. Komabe chitetezochi chili ndi malire: maganizo ayenera kukhala ndi poyambira pooneka, ndipo kuika mawu akuti "ndikuganiza kuti" patsogolo pa bodza sikusandutsa bodzalo kukhala maganizo.

N'chifukwa chiyani andale ndi akuluakulu a boma satetezedwa ngati anthu wamba? Kodi iwo alibe mbiri?

Ali nayo, ndipo imapweteka chimodzimodzi. Koma walira mvula walira matope: munthu amene wapempha kuti apatsidwe mphamvu pa anthu ena ndi pa chuma chawo wavomerezanso kuti ntchito zake zizifufuzidwa, ndipo iye ali ndi mwayi woitanitsa atolankhani n'kudziyankhira, umene munthu wamba alibe.

Mlandu umene unasintha kaganizidwe ka makhoti ambiri ndi wa New York Times ndi L. B. Sullivan. Mu Malichi 1960, nyuzipepalayi inasindikiza chilengezo cholipiridwa ndi anthu amene ankasonkhanitsa ndalama zothandizira Martin Luther King Jr., ndipo chilengezocho chinadzudzula nkhanza za apolisi kum'mwera kwa United States. Munali zolakwika zing'onozing'ono. Mwachitsanzo chinati King anali atamangidwa maulendo 7, pamene anali atamangidwa maulendo 4. Sullivan, amene ankayang'anira apolisi mumzinda wa Montgomery, sanatchulidwe dzina m'chilengezocho, ndipo makope a nyuzipepalayo amene anafika m'chigawo chonse cha Alabama sanakwane 400. Ngakhale zinali choncho, khoti la ku Alabama linamupatsa madola 500,000, ndipo akuluakulu ena anali atasuma kale milandu yofanana. Aliyense ankaona kumene zinkalowera: nyuzipepala za kumpoto zisiye kulemba za tsankho la kum'mwera kapena zigwe. Mu 1964 Khoti Lalikulu la United States linathetsa chigamulocho, oweruza onse 9 atagwirizana, ndipo linakhazikitsa lamulo lakuti mkulu wa boma sangapambane pokhapokha atasonyeza kuti wofalitsayo ankadziwa kuti ndi bodza, kapena anafalitsa mosalabadira n'komwe ngati ndi zoona kapena ayi. Woweruza William Brennan anafotokoza kuti pa mtsutso womasuka kulakwitsa sikungapeweke, ndipo ngati kulakwitsa kulikonse kungamalangidwe, anthu adzaleka kunena ngakhale zoona zimene akuzidziwa.

Mayiko ena anaona kuti njira imeneyi yapita patali, chifukwa imalola nkhani yabodza yolembedwa mosasamala kudutsa popanda chilango. Iwo anasankha kufunsa mmene mtolankhani anagwirira ntchito yake. Khoti la apilo la ku South Africa, pa mlandu wa National Media ndi Bogoshi mu 1998, linati wofalitsa angapulumuke ngakhale nkhani itapezeka yabodza, ngati kuifalitsa panthawiyo ndi m'njira imeneyo kunali kwanzeru. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Albert Reynolds, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dziko la Ireland, khoti lalikulu la ku Britain linatchula mfundo 10 zoyezera utolankhani wosamala, monga kukula kwa mlandu umene ukunenedwa, kudalirika kwa amene anapereka nkhaniyo, zimene zinachitidwa pofuna kuitsimikizira, ndiponso ngati wonenedwayo anapatsidwa mpata woyankhapo. Mwa njira ziwirizi, yachiwiriyi ikuoneka yachilungamo kwambiri, chifukwa imapereka mphoto kwa wosamala, ngakhale kuti ili ndi vuto lake: mkonzi sangadziwiretu usiku wosindikiza ngati woweruza, patapita zaka ziwiri, adzaone kuti kusamala kwake kunali kokwanira.

Pali mfundo inanso yofanana ndi imeneyi. Mu 1993, pa mlandu wa khonsolo ya Derbyshire, khoti la ku Britain linagamula kuti nthambi ya boma yosankhidwa ndi anthu singasumire munthu chifukwa choipitsa mbiri yake, poti kutero n'kugwiritsa ntchito msonkho wa anthu potseka pakamwa anthu omwewo.

Kodi zonsezi sizikupereka chilolezo choti anthu azinama?

Ayi, ndipo amene amaona lamuloli ngati chida cha olemera chokha ayenera kukumbukira za makolo a ku Sandy Hook. Mu Disembala 2012, munthu wina anawombera ndi kupha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya pulayimale ya Sandy Hook ku Newtown, m'chigawo cha Connecticut. Kwa zaka zambiri, woulutsa mawu wina, Alex Jones, ankauza omvera ake kuti kuphako sikunachitike ndipo makolo olirawo ndi ochita zisudzo. Anthu omukhulupirira anayamba kuwaopseza makolowo ndi kuwalondola, moti ena anasamuka m'nyumba zawo kangapo. Analibe nyuzipepala kapena wailesi yawoyawo. Chimene anali nacho ndi khoti, ndipo mu Okutobala 2022 khoti la ku Connecticut linalamula kuti Jones alipire madola 965 miliyoni.

Ngakhale muyeso wovuta wa mlandu wa Sullivan ndi wotheka kuukwanitsa. Kampani ya Dominion, yopanga makina owerengera mavoti, itasumira Fox News chifukwa cha nkhani zoti inabera chisankho cha pulezidenti wa United States cha mu 2020, mauthenga a m'kati mwa kampani youlutsa nkhaniyo anasonyeza kuti ena mwa ogwira ntchito ake sankakhulupirira zimene zinkaulutsidwa. Mu Epulo 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni mlandu usanayambe kuzengedwa.

Kodi n'koyenera kuti munthu apite kundende chifukwa choipitsa mbiri ya wina?

Apa m'pamene mgwirizano wa akatswiri a za ufulu wa anthu uli waukulu. Mu 2011, komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti ndende si chilango choyenera pa mlandu wotere, ndipo inalimbikitsa mayiko kuganizira zochotsa mlanduwu pa milandu yaupandu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa mlandu wa pakati pa anthu awiri, wodandaula amapita yekha kukhoti ndipo akaluza amalipira. Pa mlandu waupandu, apolisi ndi oimira boma pa milandu ndi amene amagwira ntchitoyo, wolankhulayo akhoza kugona m'chitokosi khoti lisanamve n'komwe ngati ananama, ndipo amene amakhala ndi mphamvu yodzutsa apolisi kawirikawiri ndi omwe aja amene nkhani ikuwanena.

Mu 2012, Lohé Issa Konaté, mkonzi wa nyuzipepala ya L'Ouragan ku Burkina Faso, anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 12 ndipo nyuzipepala yake inatsekedwa miyezi 6 chifukwa cha nkhani zodzudzula mkulu woimira boma pa milandu. Mu Disembala 2014, Khoti la Africa Loona za Ufulu wa Anthu, limene lili ku Arusha, linagamula kuti chilangocho chinapitirira muyeso ndipo linalamula Burkina Faso kusintha lamulo lake. Dziko la Ghana linali litachotsa kale mlanduwu mu 2001, England ndi Wales anauchotsa ndi lamulo la mu 2009, ndipo makhoti a ku Kenya mu 2017, a ku Lesotho mu 2018 ndi a ku Malawi mu 2025 anagamula kuti ukutsutsana ndi malamulo akuluakulu a mayiko awo. Koma si kulikonse. Khoti Lalikulu la ku India linati mu 2016 mlanduwu ukhalebe, ndipo mu Malichi 2023 mtsogoleri wotsutsa boma, Rahul Gandhi, anagamulidwa zaka 2 chifukwa cha mawu amene ananena pamsonkhano wokopa anthu, n'kutaya mpando wake wa uphungu kufikira pamene Khoti Lalikulu lija linaimitsa chigamulocho mu Ogasiti.

Ngati palibe ndende, kodi ufulu wolankhula ndiye kuti watetezeka?

Ndalama zimatha kutseka pakamwa kuposa loko wa ndende. Mu 1995 khoti la ku Strasbourg linagamula kuti chipukuta misozi cha mapaundi 1.5 miliyoni, chimene wolemba mabuku Nikolai Tolstoy analamulidwa ndi khoti la ku England kupereka kwa wandale Lord Aldington, chinali chachikulu mopitirira muyeso ndipo chinaphwanya ufulu wake wolankhula. Koma nthawi zambiri chimene chimaopsa si chigamulo, ndi ulendo wokafika kuchigamuloko. Mu 1990 kampani ya McDonald's inasumira anthu awiri a ku London, Helen Steel ndi David Morris, chifukwa cha kapepala kodzudzula kampaniyo kamene gulu lawo linkagawa mumsewu. Analibe ndalama zolembera loya ndipo boma silinkapereka thandizo pa milandu yotere, choncho anadziimira okha kwa masiku 313 a m'khoti. Woweruza anapeza kuti zina mwa zimene kapepalako kananena zinali zoona, monga za malipiro otsika, koma zina sizinatsimikizidwe, ndipo anawalamula kulipira mapaundi 60,000, amene pa apilo anatsitsidwa kufika pa 40,000. Mu 2005 khoti la ku Strasbourg linati mlanduwo sunazengedwe mwachilungamo chifukwa mbali ziwirizo zinali zosiyana mphamvu kwambiri.

Milandu yosumidwa n'cholinga chotopetsa wodzudzula, osati chopambana, imadziwika ndi dzina lakuti SLAPP. Mtolankhani wa ku Malta, Daphne Caruana Galizia, pamene ankaphedwa ndi bomba loikidwa m'galimoto yake mu Okutobala 2017, anali ndi milandu yoipitsa mbiri yoposa 40 imene inali ikumudikira. Mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lolola makhoti kuthetsa msanga milandu yooneka kuti ilibe maziko ndi kulipiritsa woisumayo. Kukwera mtengo kwa milandu kumapweteka mbali zonse, ndipo ichi n'chimene chimadandaulitsa kwambiri pa lamuloli: wolemera amene wanenedwa zoona amatha kuopseza ndi kalata imodzi, pamene wosauka amene wanamiziridwa alibe ndalama zofikira pakhomo la khoti.

Ndikangogawira anzanga nkhani imene wina walemba pa intaneti, kodi ndili ndi mlandu?

M'malamulo a mayiko ambiri, wobwereza mawu oipitsa mbiri amatengedwa ngati wawanena yekha, ndipo kunena kuti "ndangomva" kapena "ndatumiziridwa" sikuchotsa mlandu. Za eni masamba a mchezo ndiye mayiko sagwirizana. Ku United States, gawo 230 la lamulo la mu 1996 limati mwini tsamba satengedwa ngati wofalitsa wa zimene ogwiritsa ntchito alemba. Ku Australia, Khoti Lalikulu linagamula mu 2021 kuti makampani ofalitsa nkhani ndi ofalitsa a ndemanga zimene anthu amalemba pansi pa nkhani zawo pa Facebook. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake: mukamasula eni masamba, wonamiziridwa amasowa womugwira pamene wolembayo wabisa dzina, mukawapanikiza, amafufuta chilichonse chimene wina wadandaula nacho, choona ndi chabodza chomwe.

Ndanamiziridwa poyera. Kodi ndithamangire kukhoti?

Yambani mwasunga umboni wa zimene zinanenedwa, tsiku lake ndi anthu amene zinawafikira, ndipo funsani loya za nthawi imene lamulo limapereka, chifukwa imakhala yaifupi. Ku England ndi chaka chimodzi chokha. Kenako ganizirani chimene mukufuna kwenikweni. Anthu ambiri amafuna kuti bodza libwezedwe pamalo pomwe linanenedwa, ndipo kupepesa kofalitsidwa sabata yomweyo kumakonza zambiri kuposa ndalama zobwera patapita zaka zitatu, anthu ataiwala chiyambi cha nkhani koma akukumbukira chitonzo chake. Kalata yopempha kuti akonze cholakwikacho, kapena dandaulo ku bungwe loona za khalidwe la atolankhani kumene lilipo, ndi njira zofulumira ndi zotsika mtengo.

Dziwaninso kuti wosuma amatsegula moyo wake kuti ufufuzidwe, pakuti wosumiridwa ali ndi ufulu woitanitsa makalata ndi zolemba zanu pofuna kusonyeza kuti ananena zoona. David Irving, wolemba mbiri ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anasumira mphunzitsi wa pa yunivesite ku United States, Deborah Lipstadt, pamodzi ndi kampani yosindikiza mabuku ya Penguin, chifukwa chomutcha wokana kuphedwa kwa Ayuda mu ulamuliro wa Nazi. Akatswiri a mbali yosumiridwa anatenga nthawi yaitali akuyerekeza zimene Irving analemba ndi zikalata zimene ankati anazitengamo. Mu Epulo 2000 woweruza Charles Gray wa ku London anagamula kuti Irving anapotoza umboni wa mbiri mwadala, ndipo anamulamula kulipira ndalama zimene mbali inayo inawononga pa mlanduwo. Mu 2002 khoti linalengeza kuti chuma chake sichingathe kubweza ngongole zake.